Belu Losinthira Mbali

Nkhani yoti a Komabe akusamuka inabwera ndi mayi wogulitsa nthochi, amene sadutsa pasitolo pathu osatisiyirako kanthu m'khutu. Anati mwana wawo wamkazi adzawatenga Lolemba, chifukwa maso awo afooka, moti dzana anadzithira madzi otentha padzanja poyesa kuthira m'kapu. Akukakhala kwa mwanayo, kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi.

Amuna anga anali patebulo pawo, kagalasi kali m'diso, akutokosa m'mimba mwa wotchi ya munthu. Sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Ayende bwino." Koma kasikuluwu kanawapulumuka n'kugwa pansi, ndipo ine amene ndakhala nawo mpaka kumera imvi ndinali ndisanawaonepo akugwetsa kanthu. Anagwada n'kumakafunafuna kunsi kwa tebulo nthawi yaitali, chonsecho kanali poyera, pafupi ndi phazi lawo.

Sitolo yathu ndi kachipinda kamodzi. Kutsogolo ndimakhala ine, kugulitsa mabatire, malamba a mawotchi ndi zingwe zotchajira mafoni. Kumbuyo amakhala iwo ndi mawotchi awo, amene masiku ano amabwera mwa apo ndi apo poti aliyense amaonera nthawi pafoni. Pakati pa ife awiri pali benchi. Anaikhoma ndi amuna anga, koma mwini wake weniweni ndi a Komabe.

A Komabe ankagwira ntchito yonyamula makalata ku positi. Akaweruka ankadzera pathu, chikwama chili paphewa, ndipo atapuma pantchito ankafika dzuwa likangopendeka. Dzinali tinawapatsa ndife, chifukwa ngakhale muwauze kuti madzi ndi onyowa, amagwedeza mutu ngati avomera, kenako n'kuti, "Komabe..." Amuna anga nawo anthu amawatchula a Taimani, poti munthu asanamalize kuyankhula iwo amakhala atakweza kale chala: "Taimani kaye." Awiriwa akakumana ine ndinkangotseka wailesi, inalibe ntchito.

Ankatsutsana pa chilichonse. Msonkho, mtengo wa mafuta, zokwapula ana kusukulu, zothamangitsa ogulitsa malonda m'misewu. Koma anali ndi kachitidwe kawo kamene sindinakaonepo kwina. Pashelefu pali wotchi yakale yodzutsa anthu, ya timabelu tiwiri pamutu ngati makutu a mbewa, imene mwini wake anaisiya kuti ikonzedwe osabweranso. Makani akayamba, amuna anga ankaitsitsa, n'kuzungulitsa kamuvi ka belu osayang'ana, n'kuitembenuzira kukhoma. Panalibe wodziwa kuti belulo lilira nthawi yanji. Likangolira, ankasinthana mbali. Amene amati msonkho ukwere ankayamba kudandaula kuti ukupha anthu, ndipo amene amaudandaula ankauikira kumbuyo ndi mtima wonse. Chinyengo kunalibe. Ukateteza mbali ya mnzako mwaulesi, tiyi wa tsikulo unkamwa wopanda shuga.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti misala imeneyi ndi ya chiyani. A Komabe anati, "Alamu, malaya amene ukudziwa kuti uwavala posachedwa suwapaka matope." Ndipo zinalidi choncho. Ankakalipirana mpaka odutsa kusuzumira pakhomo, koma sindinamvepo wina akunena mnzake kuti ndi chitsiru, poti uchitsiruwo ukanakhala wake belu likalira. Masiku ena pofika nthawi yotseka onse awiri ankakhala ataiwala kuti anayambira mbali iti, n'kuyambanso kutsutsana za zimenezo.

Zonsezi anazisokoneza ndi mkamwini wathu, ngakhale sanachite ndi mtima woipa. Amagwira ntchito ku wailesi ina ya m'tauni muno. Anabwera kudzasintha batire la wotchi yake, n'kuwapeza akuluakulu awiriwa atagwirana pa nkhani ya fizi ya kusukulu. Anaima pakhomo kukamwa kuli yasa, ndipo atamaliza anati, "Bambo, zimenezitu mukungozitaya. Anthu akuyenera kuzimva."

Anali akukonza pulogalamu ya mtsutso wa ndale ya Loweruka masana, ndipo ankafuna anthu awiri, wina wakumanzere, wina wakumanja. Ine kumanzere ndi kumanja ndinkakudziwa kwa msewu ndi kwa nsapato basi. Iye anatifotokozera kuti pa ndale, akumanzere ndi amene amafuna boma lizisenza osauka, olemera azidulidwa msonkho wambiri, ndipo zinthu zizisintha. Akumanja ndi amene amati munthu azidzidalira, boma lisamapise m'thumba mwake, ndipo zabwino zakale zisungidwe.

"Nanga amene amafuna msonkho wochepa koma sukulu zaulere?" anafunsa a Komabe.

"Ameneyo ndiye kuti sanaganize bwino," anatero mkamwini akuseka.

"Taimani kaye," anatero amuna anga. "Ameneyotu ndi ine wa Lachiwiri lapitali."

Mkamwini anati mayinawa amathandiza, chifukwa womvera akangotsegula wailesi amadziwa msanga kuti uyu ndani, uyo ndani, ngati majezi pa mpira. Zinamveka zanzeru, sindikana. Ndiye poti iye anawapeza amuna anga akuikira kumbuyo sukulu zaulere, anati iwowo ndi akumanzere, a Komabe n'kutsala ndi kumanja. Sanadziwe kuti belu linali litangolira kumene. Akanafulumira pang'ono, bwenzi zitagwa mosemphana.

Za wotchi ya belu anakaniratu. "Omvera asokonezeka, bambo. Munthu sangalowe m'bwalo ndi jezi yofiira n'kutuluka ndi yobiriwira."

Masabata oyamba zinakoma. Ndinkaika wailesi pakauntala, anthu n'kudzadza pakhomo, ine ndikudzimva kuti ndine mkazi wa munthu. Akabwerako ankakhala pamalo awo, kutchera belu, n'kubwereza nkhani yonse mosinthana, akuseka mpaka kutsokomola. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Anthu anayamba kuwadziwa. Anyamata a minibasi ankakuwira amuna anga mumsewu, "A Kumanzere, musawasiye!" Eni masitolo akuluakulu ankaimitsa magalimoto kuti apatse moni a Komabe, munthu amene kale ankamusiya panja pa geti ndi makalata ake. Pathu panayamba kubwera anthu opanda wotchi, odzangogwira chanza ndi kupereka mfundo zoti zikanenedwe Loweruka. Tsiku lina gulu lotere linafika belu litalira kale, amuna anga ali mkati mofotokoza chifukwa chake ogulitsa m'misewu ayenera kuchotsedwa. Mmodzi wa iwo anatuluka akulavula malovu, akuti mdala uja wagulidwa. Mawa lake nkhani inali itafika kumsika, ndipo mayi wa nthochi anadutsa khosi lili gwa, osandipatsa moni. Kuyambira pamenepo amuna anga ankayamba asuzumira panja asanatchere belu. Kenako ankalitchera kukakhala mvula kokha, anthu atabisala. Mapeto ake fumbi linakhazikika pa timabelu tija.

Kayankhulidwe kawo pa wailesi kanasinthanso. Kale ankati, "Iwe ukuti chiyani?" Tsopano ankati, "Inu akumanja mumati," ngati kumbuyo kwa a Komabe kwaima chikhamu cha anthu. A Komabe nawo anaphunzira kunena kuti, "Akumanzere ndi choncho." Aliyense ankayankha zimene mnzake sananene, zimene anamva kuti anthu a mbali imeneyo amanena. Tsiku lina tikudya ndinawafunsa amuna anga, "Kodi Loweruka mumakangana ndi ndani? Poti amene ndikumudziwa ine sananenepo zimenezo." Anandiyankha kuti za ndale ndizisiyire eni ake.

Tsiku loipalo nkhani inali yoti kodi anthu azilipirako kangachepe kuchipatala kapena ayi. A Komabe anati inde, bola ndalamazo zizigula mankhwala, chifukwa chaulere chopanda mankhwala sichichiza munthu. Anayankhula motsitsa mawu, ndipo ine pakauntala ndinadziwa chifukwa chake. Akazi awo, mnzanga wa ponda apa nane mpondepo, anamwalirira m'chipatala chaulere, akuuzidwa tsiku ndi tsiku kuti mankhwala abwera mawa. Amuna anga zonsezo anaziona. Ndi iwo anayenda ndi a Komabe m'masitolo onse a mankhwala m'tauni muno, ndi iwonso anagwira bokosi kutsogolo.

Koma mafoni a omvera anali atawatenthetsa mutu, mkamwini naye akusonkhezera moto, "A Kumanzere, mukuti bwanji pamenepa?" Ndiye ndinamva mawu a amuna anga, okwera, odzitama: "Vuto la akumanja ndi lakuti sanaikepo maliro a munthu wosauka. Akanadziwa kuwawa kwake sakanayankhula chonchi."

Kenako a Komabe anati, "Zikomo." Basi. Chiwadziwireni, aka kanali koyamba kuwamva akusiya mawu a munthu osawatsutsa, ndipo ndinachita mantha.

Lolemba sanabwere, Lachiwiri chimodzimodzi. Amuna anga anasiya za wailesi, ati mawotchi achuluka, bodza loti ngakhale mwana sangalikhulupirire. Mkamwini anapeza mnyamata wa kukoleji wodziwa mawu ataliatali kuti akhale wakumanzere watsopano. A Komabe anapitiriza. Anthu ankati akonda kutchuka, koma ine ndikudziwa kuti munthu wokhala yekha m'nyumba amapita kulikonse kumene kuli womuyankha.

Ndinawauza amuna anga kuti apite akapepese.

"Ine ndimanena akumanja," anatero. "Sindimanena iyeyo."

"Nanga m'chipindamo munali wakumanja wina?"

Anangovala kagalasi kawo m'diso. Mwamuna wamkulu akauma khosi, bola kukankha khoma. Ndinayesa kukalipa, ndinayesa kunyengerera, ndinayesa kunyanyala osawayankhula, koma iwo ankangoti madzi akatayika sawoleka, ngati anawataya ndi wina. Chaka chinatha, china n'kuyamba.

Sitolo inakula mwadzidzidzi, ndipo mawotchi onse apakhoma anayamba kumveka. Ine ndinali ndisanadziwe kuti amasokosa chotere. Dzuwa likapendeka amuna anga ankayang'ana pakhomo, n'kunamizira kuti akuona ngati kukubwera mvula. Kasitomala akakhala pabenchi ankamukonzera wotchi mwachangu kuti achokepo. Powerenga nyuzipepala ankakweza chala n'kuti, "Taimani kaye," kenako chalacho n'kutsika chokha. Loweruka ankati sakufuna kumva zopusa, koma nthawi ya pulogalamu ikakwana ankandiuza kuti ndiyese mabatire atsopano mu wailesi, mwina anatigulitsa akutha. Ankamvetsera nsana uli kwa ine. A Komabe ankabwereza mawu omweomwewo sabata ndi sabata ngati kaseti, ndipo amuna anga ankang'ung'udza, "Pabenchi sakanayankha choncho. Pabenchi akanamupha mnyamatayu ndi funso limodzi."

Nanenso ndinkawasowa, ndisaname. Ndinkasowa phokoso lija limene ndinkalidandaula, ndinkasowa munthu wonditchula kuti alamu, ndipo ndinkasowa mnzanga, amene dzina lake linkamveka m'sitolo muno pokhapokha amuna ake akakhalapo. M'mawa uliwonse dzanja langa linkathira tiyi wa anthu atatu m'fulasiki, madzulo n'kukataya wotsala.

Tsiku lina chisoni chinandigwira, ndinasiya kauntala n'kukakhala pabenchipo. Ndinati, "Ine ndikuti msonkho ndi wabwino." Maso awo anawala. Anakweza chala, anandiuza za misewu yokumbika ndi za ndalama zosowa m'maofesi. Ine ndinati, "Chabwino, ndamva, ndi woipa." Anandiyang'ana ngati ndawapatsa mbale yopanda kanthu. "Mayi, inu mumafuna nkhani ithe. Iye amafuna ipitirire." Sananame. Ine ndinakulira m'nyumba imene makani ankathera kuswa mbale, ndiye ndikamva mawu akukwera ndimathamangira kuzimitsa.

Umu ndi mmene tinakhalira mpaka tsiku limene mayi wa nthochi anabwera ndi nkhani yake. Linali Lachisanu. Kunatsala Loweruka limodzi la wailesi, kenako Lolemba galimoto.

Loweruka sindinadikire za mabatire, ndinangotsegula wailesi n'kukweza. Mkamwini analengeza kuti a Kumanja akutsanzika lero, ndipo poti nkhani ya zolipira kuchipatala inali itabukanso m'nyuzipepala, anaibweretsanso yomweyo. Mkamwiniyo za maliro aja sankazidziwa, anali asanalowe m'banja mwathu. Mnyamata wa kukoleji anayankhula zake zambiri. A Komabe anayankha mwachidule, mawu ali otopa, ngati munthu amene wamanga kale katundu.

Ndinamva mpando ukukhukhuluzika kumbuyo kwanga. Amuna anga anaima, anatsitsa wotchi ya belu pashelefu, anauzira fumbi, n'kuzungulitsa kakiyi kakumbuyo pang'onopang'ono. Kenako anati, "Tandibwerekani foni."

Anayankha mtsikana wolandira mafoni. Ndinkamumva bwino chifukwa amuna anga foni amaigwira patali ngati iwaluma. "Muli mbali iti, bambo, kumanzere kapena kumanja?"

"Zimatengera belu."

Mtsikana anadula. Amuna anga anaimbanso. "Mbali, bambo?"

"Taimani kaye, mwanawe. Kodi munthu asanayankhule mumadziwa bwanji kuti..."

Anadulanso. Apa ndiye mtima unandikwera. "Inu, nenani kumanzere! Nthawi ikutha, munthu akupita, inu mukuchita makani ndi mwana wa eni!" Anandiyang'ana, anaimba kachitatu, nanena ngati akumeza mankhwala owawa, "Kumanzere."

Mtsikana uja anatiuza kuti titsitse wailesi, ndiye ndinaitsitsa n'kugunditsa khutu. Mkamwini anati, "Tili ndi wakumanzere pa foni. Takulandirani, bambo, yankhulani." Amuna anga anaika foni patebulo, anazungulitsa kamuvi mpaka kanakumana ndi nthawi, ndipo belu linalira. Linalira m'sitolo, linaliranso mu wailesi m'khutu mwanga, phokoso lija la chitsulo limene ndinkalitukwana zaka zonse zija.

"Bambo?" anatero mkamwini, atazindikira.

Amuna anga anatola foni. "Ine ndikuti tizilipirako," anatero. "Ndikudziwa mayi wina amene ankasoka mayunifomu a ana asukulu, wosapempha kanthu kwa munthu. Anagona pabedi laulere, akudikira mankhwala aulere amene sanabwere. Mwamuna wake anali nako kangachepe m'thumba, koma kunalibe woti n'kumupatsa. Anayenda tauni yonse wapansi, ine ndili pambuyo pake, nsapato yake ina itayasama. Munthu ameneyo akati tizilipirako, sikuti sadziwa maliro a wosauka. Akunena chifukwa anawaika. Amene ananena zina zija ndi chitsiru, ndipo ndikumudziwa bwino, ndimamumeta ndevu m'mawa uliwonse."

Ndinamva mnyamata wa kukoleji akunong'ona, "Koma bambowa anati ndi akumanzere." Kenako kunamveka kutsokomola, kuja kwa kawiri kumene kumabwera munthu uja akamakonza pakhosi.

"Komabe," anatero a Komabe.

Ine misozi inangoti mbwe.

"Komabe, iwe, ukuiwala mayi amene alibe ngakhale kangachepeko. Ukaika mtengo pakhomo la chipatala, ameneyo sabwera n'komwe. Amafera kunyumba, ndipo palibe amamuwerenga. Akazi anga pabedi anafikapo. Amene ukumutsekera panja iweyo safika ngakhale pamzere."

"Taimani kaye!" anakuwa amuna anga, chala chili m'mwamba, masaya ali chonyowa. "Nanga mankhwalawo agulidwa ndi chiyani, ndi mzerewo?"

Anagwirana ngati kale. Mkamwini anayesa kulowererapo, akuti omvera akufunsa kuti tsopano wakumanzere ndi uti, koma palibe anamumva. Mapeto ake anangoika nyimbo. Anadzatiuza pambuyo pake kuti mafoni anapitiriza kulira mpaka madzulo, ena akukalipa kuti awasokoneza, koma ena akufuna kunena za abale awo ndi za mankhwala, osatchula mbali.

Lamulungu amuna anga anavala malaya osita n'kupita kwa a Komabe. Anapeza chitseko chili chokhoma. Oyandikana nawo anati mwana wawo wafika kale ndipo wawatenga kukatsanzika kwa abale ndi kumanda kwa mayi ake. Anadikira pakhonde mpaka dzuwa kulowa, n'kubwerako.

Lolemba tinatsegula sitolo anzathu onse asanatsegule. Amuna anga anapukuta benchi, anaipukutanso, ine ndikunamizira kuti sindikuona. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro ankaimirira. Ndinayamba kukonzekera mumtima mawu oti ndiwatonthoze nawo, poti ndinkaona kuti zatha basi. Ndiye panaima galimoto ya matiresi pamwamba, mipando itamangidwa miyendo ili m'mwamba.

Mwana wa a Komabe anatsitsa galasi n'kundipatsa moni. "Amayi, sitikhalitsa, njira ndi yaitali. Koma akana kudutsa osaima."

A Komabe analowa akupapasa mafelemu a chitseko. Anali ataonda, jekete likuwalendewera m'mapewa. Koma atangoponda mkati sanafunenso kupapasa, miyendo inawafikitsa yokha pabenchi, pamalo pawo penipeni pamene thabwa linasalala.

"Alamu, tiyi alipo?"

"Alipo, alamu." Tsiku limenelo fulasiki inakwana bwinobwino.

Za kupepesa sanazitchule, ndipo ine ndinasiya kudabwa nawo amuna. A Komabe anapendeketsa mutu n'kuti, "Wotchi yako yapakhomayo ikuthamanga."

"Waiona bwanji ndi maso akowo?"

"Ndikuimva."

Anaseka onse awiri. Kenako amuna anga anati, "Ine ndikuti munthu wamkulu azikhala m'nyumba mwake. Kumuzula n'kukamuika kwa ana n'kumupha asanafe."

"Imeneyo ndi ya kumanzere kapena ya kumanja?"

"Ukamufunse mkamwini wanga."

"Komabe," anatero a Komabe akupukuta kapu ndi chala, "munthu wamkulu azikhala ndi ana ake. Nyumba siithira munthu tiyi."

Amuna anga anatsitsa wotchi ya belu. Ine ndinali pafupi, ndinaona zimene anachita. Zaka zonse ankazungulitsa kamuvi osayang'ana, koma tsiku limenelo anayang'ana, n'kukakankhira kutali. Ndinadziwa chifukwa chake. Belu likanalira, akanayenera kunena ndi pakamwa pawo kuti mnzawo apite, ndipo pa benchi imeneyi mnzako sachoka belu lisanalire.

Anatsutsana. Amuna anga anati kwa ana munthu amasanduka katundu, amapempha chilolezo ngakhale chotsegula zenera. A Komabe anati bola kupempha chilolezo kusiyana ndi kugwa m'bafa osakumva munthu. Amuna anga anati kuno kuli anthu omudziwa, kumeneko adzakhala agogo a uje basi. A Komabe anati omudziwawo amatha chaka osamuona. Pamenepo chala cha amuna anga chinakwera, kenako n'kutsika chokha.

Hutala ya galimoto inalira panja. Iwo anapitiriza kutsutsana. Inaliranso, ndipo mwana uja anabwera pakhomo, akupepesa ndi maso. "Bambo, tikafika usiku."

A Komabe anamaliza tiyi wawo, anaimirira pogwira phewa la amuna anga. "Belu lako lachedwa lero," anatero. "Wokonza mawotchi wake uti iwe?"

"Dikira pang'ono. Lilira posachedwa."

"Ndikudziwa pamene walitchera. Maso ndiwo afa, mutu ulipo."

Anagwirana chanza nthawi yaitali, osayang'anana. Kwa ine anati, "Alamu, muzimuthirira shuga, lero wayesetsa." Mwana wawo anawagwira mkono, anawalowetsa m'galimoto, ndipo tinaima pakhomo mpaka matiresi aja anakhota pa ngodya.

Amuna anga anabwerera patebulo pawo, koma kagalasi sanavale. Ine ndinatsuka makapu, ndinagulitsa batire limodzi, ndinakonza malamba amene anali okonzeka kale. Patapita nthawi, m'sitolo muli zii, belu linalira. Palibe analizimitsa, linalira mpaka linatopa lokha.

Amuna anga anayang'ana benchi. Kenako anakonza pakhosi, chifukwa pamenepa chinyengo kulibe, ngakhale mnzako palibe.

"Komabe," anatero, "munthu wamkulu azikhala ndi ana ake. Amuthirira tiyi osapsa dzanja. Akadwala amuona msanga. Achita bwino kumutenga."

Anadikira, ngati mmene munthu amadikirira yankho. Ndinaumitsa manja pachitenje, ndinazungulira kauntala, n'kukakhala pathabwa losalala lija. Mtima unkandiuza kuti ndingovomera nkhani ithe. Ndinakweza chala.

"Taimani kaye," ndinatero.